Ndikufuna kuphunzira ukatswiri wa pathology: ndiyambire pati, ndipo ndilowere ku America kapena konkuno ku Africa?

Chisomo B. analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa madokotala ndi onse ogwira ntchito zachipatala amene mumawerenga pano. Ine ndine dokotala, ndinachita MBBS ku Blantyre, ndinamaliza internship, ndipo tsopano ndikugwira ntchito pa chipatala china cha boma m'chigawo chapakati. Ndatsimikiza mtima kuti ukatswiri umene ndikufuna kuphunzira ndi wa pathology, makamaka mbali yake yopima minofu ndi zotupa pa maikulosikopu, koma anthu oti ndingawafunse pafupi ndi ochepa, ndipo malangizo amene ndamva mpaka pano akutsutsana.

Chimene chandifikitsa pa ganizo limeneli ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Timadula kachidutswa ka mnofu pakhomo la chiberekero la mayi amene wakhala akutaya magazi kwa miyezi, kapena timachotsa mwanabele wotupa m'khosi mwa mwana, n'kuika mu botolo la formalin, kenako n'kudikira galimoto yopita ku mzinda. Zotsatira zikamafika patapita masabata ambiri, wodwala uja amakhala atabwerera kale kumudzi, foni yake siikupezeka, ndipo nthawi zina timangomva kuti anatisiya. Nthawi yonse yodikirayo timakhala tikungoganizira ngati ndi TB, khansa ya lymphoma kapena ya Kaposi, pamene mankhwala a matenda atatuwa ndi osiyana kotheratu. Ndaona kuti pamene pamathina kwambiri ndi pa kuchepa kwa anthu odziwa kuwerenga slide, kagalasi koikapo mnofu poupima pa maikulosikopu, ndipo ndikufuna kukhala mmodzi mwa anthu amenewo.

Mnzanga wina amene ali ku America akuti pathology ndi gawo limene limalandira madokotala ambiri ochokera kunja, choncho ndiyambe kukonzekera mayeso a USMLE, amene dokotala amalemba kuti aloledwe kugwira ntchito kumeneko. Mkulu wina kuntchito akuti kumeneko n'kutaya zaka ndi ndalama, bola ndipite ku South Africa kapena ku East Africa. Ndikupempha amene munadutsa njira zimenezi mundiuze zoona zake. Kodi munthu amene akugwira ntchito pa chipatala cha boma kuno angathedi kupeza malo a residency (maphunziro a ukatswiri ochitika uku munthu akugwira ntchito m'chipatala) ku America, ndipo amene amasankhawo amayang'ana chiyani? Vuto langa lalikulu ndi lakuti pathology ndinaiphunzira m'kalasi mokha, sindinagwirepo ntchito mu labotale ya histology, yopima minofu, choncho ndilibe katswiri wa pathology amene angandilembere kalata yondichitira umboni. Ndimvanso mokondwera maganizo anu pa zimene anzanga ena amanena, zoti wosankha pathology ndiye kuti akuthawa odwala.

Nabanda analemba kuti:

A Chisomo, zikomo chifukwa cha funso lomveka bwino. Ine ndili mkati mwa residency ya pathology ku America, ndipo ndifotokoza mmene njirayi imayendera kuti musankhe mukuidziwa.

Khomo loyamba ndi satifiketi ya bungwe la ECFMG, imene dokotala aliyense wophunzira kunja kwa America ayenera kukhala nayo asanayambe residency. Kuti muipeze, sukulu yanu iyenera kupezeka mu World Directory of Medical Schools ili ndi chizindikiro chakuti ECFMG imaivomereza, ndipo mapepala anu amatsimikizidwa kuchokera ku sukuluko mwachindunji. Popeza College of Medicine inakhala mbali ya KUHeS mu 2021, onetsetsani kuti dzina la sukulu pa digiri yanu likugwirizana ndi limene mukulemba pa mafomu, chifukwa kusiyana kwa mayina kumachedwetsa zinthu. Kenako pali mayeso a USMLE aja, Step 1 ndi Step 2 CK. Kuyambira mu January 2022, Step 1 imangonena kuti mwakhoza kapena mwalephera, choncho malikisi amene amaonedwa kwambiri tsopano ndi a Step 2 CK. Mayeso amene munthu wakhoza sangawalembenso pofuna kukweza malikisi, ndipo kulephera kulikonse kumaonekera pa mbiri yanu, nchifukwa chake simuyenera kulowa m'chipinda cholembera musanakhwime. Mayeso oyesa kuona odwala a Step 2 CS anathetsedwa mu 2021, ndipo m'malo mwake pali njira zotchedwa Pathways pamodzi ndi mayeso a Chingerezi a OET Medicine. Mayeso a USMLE amalembedwa pa kompyuta kumalo a Prometric, zimene kwa ife zikutanthauza ulendo wa ku Johannesburg kapena Nairobi.

Mukadutsa pamenepo mumatumiza pempho lanu kudzera pa ERAS, njira ya pa intaneti yofunsira malo a residency, m'mwezi wa September. Mumaikamo mbiri ya maphunziro ndi ntchito, kalata ya akuluakulu a sukulu yanu yotchedwa MSPE, nkhani yanu yofotokoza chifukwa chimene mukufunira pathology, ndi makalata okuchitirani umboni, osapitirira 4 ku pulogalamu iliyonse. Ma intavyu amachitika kuyambira cha mu October mpaka January, ambiri pa intaneti, zimene zatipeputsira mtolo ife akutali. Pomaliza mumandandalika mapulogalamu monga mwa kukonda kwanu, nawonso amandandalika anthu amene anawafunsa, ndipo bungwe la NRMP limalumikiza mindandanda iwiriyo, ntchito imene imatchedwa Match. Lolemba la sabata ya Match m'mwezi wa March mumauzidwa ngati mwapeza malo, Lachisanu lake mumauzidwa kumene mukupita, ndipo ntchito imayamba cha pa 1 July. Malo amene mwapatsidwa simungawakane, choncho musaike pa mndandanda mzinda umene simungakhalemo.

Maphunziro enieniwo ambiri amatenga zaka 4, kuphatikiza anatomic pathology ndi clinical pathology, imene ikukhudza za magazi, nkhokwe ya magazi, tizilombo toyambitsa matenda ndi chemistry. Wofuna mbali imodzi yokha amaphunzira zaka 3, ndipo ambiri amaonjezera chaka cha fellowship monga cytopathology kapena hematopathology. Ubwino wake waukulu ndi wakuti resident amalandira malipiro kuyambira mwezi woyamba.

Mnzanu sananame kuti pathology ili ndi madokotala ambiri ochokera kunja, koma chimenecho chinabweretsanso kukayikira. Akuluakulu a mapulogalamu akudziwa kuti pali ena amene amalembera pathology ngati pothawira pamene mtima wawo uli ku internal medicine, ndipo munthu wotero akasiya pakati amawasiyira mpata wovuta kudzaza. Chimene amafunafuna m'mapepala anu ndi umboni wakuti mukudziwa mmene tsiku la pathologist limakhalira ndipo mukulifunabe. Umboni umenewo umachokera m'makalata a akatswiri a pathology amene anakuonani mukugwira ntchito. Kalata ya dokotala wa opaleshoni yonena kuti ndinu wolimbikira ndi yabwino, koma siingalowe m'malo mwa kalata ya munthu amene anakhala nanu pa maikulosikopu. Choncho vuto limene mwalitchula lija ndi limene muyenera kuyamba kulithetsa, mabuku a USMLE asanagulidwe n'komwe.

Za ndalama ndisakubisireni. Mayeso, maulendo, kutsimikiza mapepala ndi kutumiza mapempho zimakwana madola masauzande angapo, zonse zolipira mu ndalama zakunja, ndipo mukudziwa mmene forex ikuvutira kumudziko chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Ulendo wokaonerera ntchito ku labotale ya ku America nawo unavuta kuyambira mu August 2025, pamene Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza ya alendo anayamba kulamulidwa kupereka chikole chofika mpaka madola 15,000. Malamulo a viza akusinthasintha, kotero muziwawerenga ku ofesi ya kazembe musanalipire chilichonse.

Mwale wa Histology analemba kuti:

A dokotala, ine sindine dokotala, ndine technologist amene ndagwira ntchito nthawi yaitali mu labotale ya histology, ndipo ndikufuna kuthirirapo ndemanga pa nkhani ya kalata ija. Simukufunika ndege kuti muone pathology. Ku Lilongwe kuli labotale ya pathology pa Kamuzu Central Hospital imene inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina, ndipo inadziwika ndi misonkhano yokambirana ma slide pa intaneti ndi akatswiri a kunja. Ku Blantyre nakonso ntchito imeneyi ilipo, yolumikizana ndi sukulu imene munaphunzirako. Lembani kalata kwa mkulu wa dipatimenti, pemphani kuti mugwiritse ntchito tchuthi chanu pokhala nawo, ndipo mufike ngati wophunzira.

Mukafika, musathamangire ku maikulosikopu. Yambirani pa tebulo lodulira, chifukwa m'chaka choyamba cha maphunziro anu, kulikonse kumene mungapite, nthawi yambiri mudzaithera pamenepo. Bere lochotsedwa chifukwa cha khansa likafika, limayezedwa, m'mphepete mwake mumapakidwa inki kuti pa slide padzaoneke ngati chotupa chinafika pamene mpeni unadutsa, kenako limadulidwa magawomagawo, ndipo dokotala amafufuza ndi zala m'mafuta a m'khwapa kuti apeze timwanabele tonse, tina tating'ono ngati njere ya mapira. Tizidutswa tosankhidwa timaikidwa m'makaseti, timagona m'makina ochotsa madzi, m'mawa timaumbidwa mu phula, ndipo ife timadula pa microtome mopyapyala pafupifupi ma micron 4 tisanapake utoto (stain) wa H&E woonetsa maselo. Fungo la formalin limaluma m'maso, ntchitoyo ndi yoimirira, ndipo pali madokotala amene amazindikira pa sabata yoyamba kuti si yawo. Ndi bwino kuzindikira zimenezo musanawononge ndalama.

Palinso chimene mungayambe mawa lomwe pa chipatala chanu. Ma sample ambiri ochokera m'maboma amatipeza ataonongeka kale: chiberekero chathunthu chitapanikizidwa m'kabotolo kokhala ndi formalin wongonyowetsa pansi, kapena mnofu utaikidwa mu saline, ndipo fomu italembedwa mawu amodzi okha akuti "mass". Formalin ayenera kukhala wa 10 peresenti, wochuluka pafupifupi ka 10 kuposa mnofuwo, ndipo chiwalo chachikulu chiyenera kung'ambidwa kuti mankhwala alowe mkati. Pa khansa ya m'mawere, mnofu ukachedwa kulowa mu formalin kapena ukakhalamo kupitirira maola 72, zotsatira za ER, PR ndi HER2, zopima zimene zimathandiza kusankha mankhwala, zimatha kusokonekera, ndipo mayi angamanidwe tamoxifen amene akanamuthandiza. Mukakonza zimenezi kwanuko, n'kumalemba m'kaundula tsiku limene sample yapita ndi limene zotsatira zabwera, mudzakhala ndi ntchito yooneka yoti pathologist aitchule m'kalata yanu.

Za kuthawa odwala, amene amanena zimenezo sanaonepo pathologist akuchita FNA, kutenga maselo a chotupa ndi singano yopyapyala, pa mwana wotupa nsagwada, mayi ake atamugwira pamiyendo, kenako n'kutuluka pasanathe ola kukauza a ku wodi ya ana kuti zikuoneka ngati khansa ya Burkitt, ayambe kukonzekera mankhwala.

Dr. Gondwe analemba kuti:

A Chisomo, ine ndinaphunzira anatomical pathology ku South Africa ndipo ndinabwerera kumudzi. Zimene a Nabanda afotokoza ndi zolondola, koma ine ndili ku mbali ya mkulu wa kuntchito kwanu uja, ndipo ndipereka zifukwa zanga.

Funso loyamba kuliyankha ndi lakuti mukufuna kudzagwira ntchito kuti mukamaliza. Malinga ndi zimene mwalemba, mtima wanu uli pa odwala a kuno. Ngati ndi choncho, ganizirani matenda amene mudzakumana nawo pa tebulo lanu: khansa ya khomo la chiberekero, ya kummero, Kaposi, ma lymphoma obwera ndi HIV, TB ya m'ziwalo zosiyanasiyana, likodzo la m'chikhodzodzo ndi khansa imene limayambitsa. Ku Johannesburg, Cape Town, Durban, Kampala, Dar es Salaam kapena Lusaka zimenezi mudzaziona mlungu uliwonse mpaka maso anu atazolowera. Resident wa ku America amaphunzira bwino kwambiri, koma amazolowera kuitanitsa ma stain ambiri a immunohistochemistry ndi kupima ma gene pa chotupa chimodzi, pamene kuno nthawi zambiri mudzakhala ndi H&E, Ziehl-Neelsen yopimira TB ndi ma antibody owerengeka, amene nawonso amatha. Luso loweruza molimba mtima ndi zochepa zimene zilipo limaphunziridwa bwino kumene zinthu zili zofananako ndi kwathu.

Ku South Africa pathology imagawidwa kuyambira pachiyambi: anatomical, haematology, chemical, microbiology, virology ndi forensic, chilichonse pachokha, choncho muyenera kudziwiratu chimene mukufuna. Mlendo nthawi zambiri amalowa ngati supernumerary registrar, kutanthauza kuti amagwira ntchito yonse ya registrar, dokotala wophunzira ukatswiri, m'ma labotale a boma a NHLS koma salandira malipiro. Mumafunsira malo ku dipatimenti ya yunivesite monga Wits, UCT, Stellenbosch, Pretoria kapena UKZN, mumalembetsa ku HPCSA, bungwe loyang'anira madokotala kumeneko, ngati wodzaphunzira, mapepala anu amatsimikizidwa kudzera pa EPIC, njira ya bungwe la ECFMG lija, ndipo pamafunika kalata ya Medical Council of Malawi yosonyeza kuti mulibe mlandu pa ntchito. Maphunziro amatenga zaka 4 kapena 5, mumalemba mayeso a FC Path a Colleges of Medicine of South Africa m'magawo awiri, komanso mumalemba kafukufuku wa MMed. Kulembetsa kwa mtundu umenewu sikukupatsani ufulu wotsalira kumeneko kuti muzigwira ntchito, ndipo ine ndimaona kuti zimenezo n'zabwino kwa dziko lathu.

Pamene pali minga ndi pa ndalama zodyera. Zaka zonsezo mukufunika lendi, chakudya, fizi ndi inshuwalansi ya zaumoyo, choncho musanyamuke popanda kalata yosainidwa ya amene akukulipirirani, kaya ndi Unduna wa Zaumoyo, yunivesite kapena bungwe la kafukufuku, yonena kuchuluka kwa ndalama ndi zaka zimene adzapereke. Ine ndalama zanga zinkachedwa miyezi ingapo nthawi zina, ndipo kuwerengera mayeso uku mwini nyumba akugogoda ndi chinthu chimene sindingamufunire mnzanga. Werenganinso bwino mgwirizano wa zaka zimene mudzayenera kugwira ntchito mukabwerako. Ku Makerere, Muhimbili, Nairobi ndi ku University of Zambia kuli MMed ya pathology, moyo wake ndi wotsikirako mtengo m'malo ena, ndipo bungwe la COPECSA likulumikiza akatswiri a m'chigawo chathu chino, kotero musaone South Africa ngati khomo lokhalo.

Kulikonse kumene mungalembere, nkhani ya kalata ndi yomweyo. Mkulu wa dipatimenti ali ndi malo amodzi kapena awiri a alendo, ndipo amapereka kwa munthu amene pathologist mnzake wamuimbira foni n'kunena kuti uyu ndikumudziwa, wakhala nafe, ndipo akabwerako malo ake alipo. Dziko lathu lili ndi mbiri yabwino pa ntchito imeneyi. Kafukufuku wopima matupi a ana omwalira ku Queen Elizabeth Central Hospital, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2004, anapeza kuti mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi matenda ena, ndipo zimenezi zinathandiza kuti kuyang'ana mkati mwa diso kukhale njira yosiyanitsira. Akatswiri akunja amaidziwa ntchito imeneyo, ndipo ndi bwino inunso muiwerenge musanapite ku intavyu iliyonse.

Chisomo B. analemba kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. A Mwale, kaundula uja ndimuyamba, ndipo ndalankhula kale ndi anamwino a ku fiyeta za mabotolo akuluakulu ndi formalin wokwanira. Kalata yopempha kukakhala ku labotale pa tchuthi changa ndiilemba sabata ino. A Gondwe, mfundo yanu ya matenda amene ndidzakumane nawo yandigwira mtima, ngakhale nkhani yokhala zaka zambiri popanda malipiro ikundiopsa chifukwa ndili ndi abale amene ndikuwalipirira sukulu. A Nabanda, ndili ndi mafunso awiri otsala. Kodi zaka zimene zadutsa chimalizireni sukulu zimandichotsera mwayi? Ndipo ngati nditanena poyera m'nkhani yanga kuti cholinga changa ndi kubwerera ku Malawi, kodi zimenezo sizingawagwetse ulesi amene akusankha?

Nabanda analemba kuti:

Pa funso loyamba, mapulogalamu ena amaika malire a zaka chimalizireni sukulu, kawirikawiri zaka 5, ndipo amalemba zimenezo pa masamba awo, choncho muziwerenga musanawononge ndalama potumiza pempho kumene sadzalitsegula n'komwe. Ena saika malire, ndipo mu pathology muli anthu ambiri amene anayamba agwira ntchito zina kwa zaka. Chimene chimadetsa nkhawa ndi zaka zopanda kanthu. Zaka zimene mwakhala mukuona odwala, kuchita maopaleshoni ang'onoang'ono ndi kutumiza ma biopsy ndi zaka zodzaza, makamaka ngati zapitazi zikuonetsa kuti mukusendera ku labotale. Kaundula amene a Mwale anena akhoza kusanduka kafukufuku wamng'ono wa nthawi imene zotsatira zimatenga ndi chiwerengero cha odwala amene amazilandiradi, ndipo mukapeza chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku n'kulemba limodzi ndi pathologist, mudzakhala ndi pepala lofalitsidwa komanso munthu wokudziwani bwino. Kumbukiraninso kuti ECFMG imafuna kuti mayeso ake onse amalizidwe mkati mwa zaka 7 kuchokera pamene mwakhoza oyamba.

Pa funso lachiwiri, nenani zoona. Madokotala ambiri akunja amaphunzira pa viza ya J-1, imene imafuna kalata yochokera ku Unduna wa Zaumoyo wa dziko lanu yonena kuti dzikolo likufuna akatswiri a gawo limenelo, ndipo lamulo lake ndi lakuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka 2. Choncho kunena kuti mudzabwerera kukugwirizana ndi pepala limene mudzasaine. Zimene munalemba poyamba zija, za mwanabele wa mwana ndi matenda atatu amene simungawasiyanitse popanda slide, ndi zimene ziyenera kukhala pakati pa nkhani yanu, m'tsamba limodzi, motsatiridwa ndi zimene munachitapo ndi zimene munaona ku labotale. Pa intavyu adzakufunsani za case imene inakusangalatsani, ndipo amayembekezera kuti mufotokoze mmene inkaonekera pa maikulosikopu, ma stain amene anagwiritsidwa ntchito, ndi mmene yankho linasinthira chithandizo cha wodwalayo.

A Gondwe akunena zoona pa nkhani ya matenda, ndipo ine ndikudziwa kuti ndikabwerera ndidzafunika kukhala pansi pa anthu ngati iwo kuti ndizolowere kugwira ntchito ndi ma stain ochepa. Kumbali ina, malipiro a residency ndi amene akundithandiza kusamalira abale, ndipo kwa munthu wa udindo ngati wanu chimenecho n'chofunika kuchiwerengera. Njira ziwirizi zimayambira pamodzi, chifukwa miyezi ya ku labotale, makalata a akatswiri ndi kutsimikiza mapepala kudzera ku ECFMG zimafunika konsekonse. Ndikanakulangizani kuti chaka chino muchite zimenezo kaye, mufunse ku Unduna ndi ku KUHeS za thandizo la maphunziro limene lingapezeke, ndipo ndalama za Step 1 mudzalipire pokhapokha mutaona kuti khomo la viza ndi lotseguka kwa Amalawi pa nthawi imeneyo.